Anakankha Galimoto ndi Bokosi Lomwe

Galimoto yathu yabwerera! Ndiyambire pomwepo, chifukwa mtima ukukana kudikira. Ili panjapa, matayala ali matope okhaokha.

Ndi kapikapu koyera kamene bambo amanyamulira mpunga wa ku Bwanje, ndipo fizi yanga imachokera momwemo. Anakatenga kwa a Gilbert, ogulitsa magalimoto, n'kumalipira pang'onopang'ono. Kunangotsala miyezi iwiri, koma mwezi uno anachedwa.

Lachitatu madzulo bambo anafika atanyamula bokosi la maliro lopanda munthu, atalifunditsa tenti. Amati m'mawa akatengere thupi la a Jonasi, aneba athu, kuchipatala ku Mua. Tinadya, tinagona.

Pakati pa usiku ndinamva timiyala tikulira pansi pa matayala. Injini osalira. Ndinasuzumira pawindo. Galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, magetsi ozima, pampando palibe munthu. Agalu ali zii. Kenaka mawu apansipansi: "Kankha, iwe."

Ndinadzutsa mayi.

"Abambo ako usawadzutse," ananong'ona. "Sitikudziwa ngati ndi anthu."

Kutacha, bambo analondola mmene munadutsa matayala, ine pambuyo, anamfedwa nawonso. Tinaipeza pakamlatho ka njira ya ku Golomoti. A Gilbert ndi amuna awiri anali atakhala pansi mumsewu, milomo ili mbuu. Atationa sanathawe.

"Akugogoda," anatero a Gilbert. "Tikangokankha, m'bokosimo akugogoda kawiri, galimoto n'kuima. Tikati tithawe, miyendo ikukana."

Bambo anatsegula bokosilo. Munali utuchi wokha.

Wapolisi atafika, za kugogoda sanafunse n'komwe. Anangotembenukira kwa a Gilbert.

"Chikalata cha khothi chili kuti, achimwene?"

"Galimotoyi ndi yanga. Sanamalize kulipira."

"Ndiye mumabwera usiku, mwakachetechete? Nanga bokosili, nalonso munawagulitsa ndinu?"

Wapolisiyo anawatenga onse atatu, akuti akayankhe mlandu wotenga galimoto pakhomo pa munthu popanda chilolezo, komanso wakuba bokosi. Kenaka anauza bambo kuti: "Inu kanyamuleni maliro. Ngati ali nanu chifukwa, akakusumireni masana."

Ndiye Lolemba ndikupita kusukulu, mpunga ukunyamulidwa, mayi akuimba kukhitchini.

Koma kumanda dzulo ndinamva azimayi awiri akunong'onezana kumbuyo kwanga. Wina amati kugogoda kuja linali tayala la sipeya limagunda pansi pa galimoto. Mnzake anapukusa mutu.

"A Jonasi anakhala kondakitala wa minibasi zaka makumi awiri. Akafuna kuti dalaivala aime, ankagogoda kangati?"