Ming'alu ya Pamsewu wa ku Shamva

Muriel Mbewe anachoka pamsewupo dzuwa litalowa kalekale. Anali injiniya wachitsikana, mdzukulu wa munthu wa ku Dedza amene anakalambira m'migodi ya ku Bindura, ku Zimbabwe. Kafukufuku wake anali wosakaniza phula ndi mchenga wotayidwa pamgodi wina wakale, kuti misewu izikhalitsa ndiponso milu ya mchengayo ichepe. Anamupatsa kachigawo ka msewu wa ku Shamva kuti ayesereko, ndipo mtima wake wonse anauika pamenepo. Koma mvula itangogwa, phulalo linachita ming'alu ngati chidendene cha mlimi. Masana a tsikulo akuluakulu ake anamuimbira foni kuti kafukufukuyo watsekedwa. Iye anapitirizabe kuyeza ming'alu ija, misozi ili chuchuchu, mpaka maminibasi onse anatha.

Anauyamba wapansi kulowera kwawo ku Aerodrome. Njira yachidule inkadutsa pamanda akale a anthu a mumgodi, pomwe mitanda yachitsulo inadyeka ndi dzimbiri. Atayandikira, anamva majombo olemera akukwekwereza kumbuyo kwake. Anaima. Nawo anaima. Anayenda... nawonso anayenda.

Atacheuka anaona bambo wamtali, wovala ovololo yong'ambika. Nkhope yake inali mbuu ndi fumbi, chonsecho paliponse panali matope. Kudzanja lamanja kunalibe zala ziwiri.

"Mwana wanga, ndiwe wa kwathu?" anafunsa bamboyo m'Chichewa chakale, chimene Muriel ankachimva koma kuyankha kunkamuvuta.

Muriel anangovomera ndi mutu. Bamboyo anati dzina lake ndi Petulo, ndipo ankafuna njira ya kusiteshoni chifukwa mkazi wake ankamudikira kumudzi. Kenaka mawu ake anatsika.

"Koma mwandiyala mumsewu. Ndikati nditembenuke, inu mukuti phula lang'ambika."

Chapatali, lole yodzaza miyala inadutsa pamsewu uja. Bamboyo anagwira nthiti. Anabuula. Mkamwa mwake munatuluka mchenga... mchenga wouma!

Muriel analiyatsa liwiro. Nsapato imodzi inatsalira m'matope. Minga inamung'amba miyendo. Sanacheukenso.

Kunyumba anapeza bambo ake, a Jasper, akumudikira pakhonde. Anawafotokozera mosakaniza Chishona ndi Chingelezi. A Jasper atamva za dzinalo ndi zala zija, anazimitsa wailesi. Kenaka anati Petulo Chisale anali mnzawo wa agogo ake a Muriel, anabwerera limodzi kuchokera ku Dedza. Mulu wa mchenga unamugumukira a Jasper akadali kupulayimale. Eni mgodi anakumbako pang'ono, n'kulamula kuti anthu abwerere kuntchito. Mtembo sunapezeke, ndipo panalibe amene analimba mtima kutumiza uthenga kwa mkazi wake.

"Mchenga wako uja unautenga pamulu uti?" anafunsa a Jasper.

Muriel anaphimba nkhope ndi manja. Makina ake anali atapera mchengawo bwinobwino, n'kuusakaniza ndi phula lotentha, iye mwini akuyang'anira monyadira. Patapita nthawi anafunsa ngati abusa a kutchalitchi sangapite kukapempherera malowo, kuti munthuyo apumule.

"Kupemphera angapemphere, mwanangu," anatero bambo ake motsitsa. "Koma munthu womwazika mtunda wonse uja, tikamuika m'bokosi lanji?"