Ketty ndi Nyumba ya Namfedwa

"Ba Dixon, iyi ni ndalama yanji?" anafunsa Ketty mwaukali. M'dzanja lake munali timapepala tiwiri tofwifwa, tosakwana n'kugula sopo komwe.

"Ni ya basi. Unafuna chani, ng'ombe?" anayankha a Dixon osamuyang'ana, ali kalikiliki kupukuta nsapato pansi pa mtengo wa pa siteshoni ya maminibasi ku Chawama. Mtengo umenewo ndiwo unali ofesi yawo.

A Dixon anali ajenti wa nyumba. Ketty atamaliza sukulu ya sekondale n'kusowa kolowera, anayamba kuwayendera m'makomboni kufufuza nyumba zogulitsa. Zinali zaka zija mafakitale ankangotsekedwa, mtengo wa ufa ukusintha pakati pa m'mawa ndi madzulo. Anthu ochotsedwa ntchito ankagulitsa nyumba motchipa kuti abwerere kumudzi, ena n'kumathamangira kugula ndalama zawo zopumira zisanathe mphamvu. Pakati pa magulu awiriwa ndi pamene a Dixon ankanenepera.

Ntchito yake Ketty anali ataimvetsa bwino. Nyumba sugula. Umapeza mwini wake amene wapanikizika, mugwirizane mtengo wotsika, akulonjeze kuti adikira milungu ingapo osagulitsa kwa wina. Ndiye iwe uthamange ukapeze wogula pa mtengo wokwera, zapamwambazo n'zako. Sabata imeneyo Ketty ndiye anapeza wogulitsa, Ketty yemweyo n'kupezanso wogula, nsapato zake mpaka kuyasama kutsogolo. A Dixon ntchito yawo inali kutsegula thumba basi.

"Sungani, mugulileko polishi," anatero Ketty, n'kuponya timapepala tija pa mapazi awo. "Kuyambira lelo nizazisebenzela neka."

Sanapite patali. Pafupi ndi msika anaitanidwa ndi bambo wina wovala kofia yoyera, wogulitsa zidebe ndi mbaula. Anati dzina lawo ndi a Nassoro, ndipo mkangano wonse uja anaumva.

"Mwana wanga, nili na nyumba ku Kanyama," anatero motsitsa mawu. "Vipinda vinayi, pamalo pouma, madzi a mvula safikapo. Ma ajenti amuna siniwafuna. Nifuna mkazi monga iwe."

Munthu wamaso akanafunsa kuti nyumba yagwirizana bwanji ndi umuna kapena ukazi wa ajenti. Koma Ketty mtima unali ukadali m'mwamba, ndipo mawu oti zipinda zinayi anamutseka makutu. Anakhala pa chidebe chovundikira n'kumvetsera.

Nyumbayo inali ya mng'ono wawo, telala wotchedwa Jumanne, amene anali atamwalira kumene. Khadi la kukhonsolo losonyeza umwini wa nyumbayo linali m'manja mwa a Nassoro monga mkulu wa pabanja. Vuto linali limodzi. Mkazi wa malemu, mayi Mwanaima, anali pa eda. A Nassoro anafotokoza kuti pa Chisilamu mkazi akafedwa mwamuna amabindikira m'nyumba miyezi inayi ndi masiku angapo, osayendayenda, osaonana ndi amuna achilendo.

"Mwamuna sangangene muja, koma iwe ungangene," anatero. "Uone vipinda, simenti, malata, kuti ukakambe bwino kuli wogula. Koma va kugulitsa usamuuze. Akali na chisoni, nizamuuza neka."

M'mawa mwake Ketty anavala chitenje cha amayi ake, anamanga duku, nakwera basi ya ku Kanyama. Pakhomo anagogoda mwaulemu wonse. Anati wabwera kudzapepesa maliro, popeza malemu bambo ake ankasoketsa masuti kwa a Jumanne. Bodza linatuluka mosavuta mpaka iye mwini kudabwa.

Mayi Mwanaima anali atakhala pa mkeka, atafunda nsalu yoyera, ana awiri atawatsamira. Anali mayi wamng'ono thupi, maso otupa. Anamugwira Ketty dzanja ndi manja awiri, natuma mwana wamkulu kuti atereke madzi.

"Pepani, tiyi wake ndi wopanda shuga," anatero. "Alendo anasiya kubwera. Masiku oyamba anthu amadzaza nyumba, kenako umangotsala ndi makoma."

Ketty ankagwedeza mutu ngati wachisoni, koma maso ali kudenga. Malata anali atsopano, simenti yosang'ambika. Anapempha kupita kuchimbudzi kuti aone kuseri, ndipo anapeza mpopi wa madzi pabwalo pomwepo. Mtengo umene ankaganiza anaukwezanso ali chiimire kuseriko.

Potsanzikana mayiwo analoza makina osokera amene anali pakona, atavundikiridwa ndi chitenje. "Eda ikatha nditulutsa makinawa pakhonde, ndiyambe kusoka mayunifolomu. Bambo awo anatisiyira pogona. Njala yokha ndiyo tilimbane nayo. Uzibweranso, mwana wanga, wandichotsa kusungulumwa."

Apo zonse zinaonekera poyera. Mayiwo sankadziwa kanthu, ndipo a Nassoro analibe maganizo owauza. M'basi Ketty anakhala atatsamira zenera, atakwiya. Sanakwiyire a Nassoro ayi, anakwiyira mayi aja. Anamupatsiranji tiyi? Anamuuziranji za mayunifolomu, ngati kuti wafunsa? Iyenso bambo ake atamwalira, abale a bambowo anabwera kunyumba kwawo ku Matero ndi lole, natenga nyumba, mipando, mpaka mbale zodyera. Amayi ake anagwada pafumbi akulira, oyandikana nawo akungoyang'anira m'mipanda. Lero anali kupanikizana anthu asanu m'chipinda chimodzi cha lendi. Ndani anawamvera chisoni? Ketty anapukuta maso mwaukali n'kudziuza kuti dziko lino ndi la odya ndi odyedwa, ndipo iye anali atadyedwa mokwanira.

Wogula anamupeza msanga. Anali a Obed, bambo wa imvi amene anagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ina ya nsalu, ndipo ankayenda ndi ndalama zawo zopumira ali ndi mantha kuti zisungunukira m'thumba. Ketty anawaonetsa nyumbayo ali patsidya pa msewu. Anati mkati muli anthu a lendi osakonda kusokonezedwa, koma achoka kumapeto kwa mwezi. Za malata, simenti ndi mpopi anafotokoza mokoma, moti a Obed anameza mate.

Malonda a nyumba m'komboni ankachitikira pamaso pa tcheyamani wa dera. Tcheyamaniyo anali ndi anthu ambiri pamzere, ndipo anangofunsa funso limodzi: kodi banja lonse lavomera? A Nassoro anati eya. Ketty anaimirira ngati mboni, nati mkazi wa malemu analankhula naye yekha pamaso, ndipo wavomera. Mawu ake sananjenjemere ngakhale pang'ono. A Nassoro analandira zawo. Koma gawo la Ketty a Obed analisunga, nati apereka tsiku lolandira kiyi.

"Tichite fasiti," a Nassoro anamunong'oneza potuluka. "Eda ikasila azayamba kuyenda mu maofesi uja. Manje sangachoke pakhomo, sangakambe na mwamuna aliyense. Niye nthawi yake ino."

Loweruka m'mawa Ketty anafika ku Kanyama ndi a Obed atakwera kutsogolo kwa kalole konyamula katundu. Phokoso analimva asanakhote n'komwe. A Nassoro anali atabwera ndi anyamata atatu aganyu, ndipo katundu anali kale pabwalo. Matiresi anali pafumbi, miphika ikugubuduka. Mnyamata wina anatuluka atasenza makina osokera, nawagwetsa pansi ngati thumba la makala. Ana aja ankalira atakumbatirana. Amayi a m'nyumba zoyandikana anali atazungulira, akukuwa.

"Mulibe manyazi imwe! Mkazi ali pa eda mumungenela na vinyamata?"

"Manda ya mng'ono wanu yakalibe kuuma, ba Nassoro!"

"Nyumba ni ya banja lathu!" a Nassoro anabweza, thovu lili kukamwa. "Anabwela nayo kuchoka kwao? Ayende kuli abale ake!"

Mayi Mwanaima anali pakhomo penipeni, atakumbatira mphuthu ya chitseko ndi manja onse awiri. Nsalu yoyera anali ataikokera kumaso kuti anyamata aja asawaone. Phazi lawo silinadutse pakhomopo.

"Alamu, ndikupemphani," ankatero, mawu atasasa. "Dikirani eda ithe, tikambirane ngati anthu. Musandiyendetse pamsewu ndili chonchi. Ndikamuuza chiyani Mulungu?"

A Obed anatsika m'galimoto nkhope itagwa. "Mwana iwe, awa niye a lendi amene unakamba?"

Ketty anazembera kuseri kwa kalole kaja, akufunitsitsa kuti atenge zake azipita. Koma mwana wamkulu wa mayiwo anamuona, namuloza. "Amayi, anti aja abwera!"

Mayi Mwanaima anatsitsa nsalu pang'ono. Atamuzindikira, nkhope yawo inawala mwa njira imene inamubaya Ketty kuposa kukuwa konse kuja.

"Mwana wanga, bwera kuno! Mulungu wakutuma."

Anthu anapatuka. Ketty anayenda mpaka pakhomo, ndipo mayiwo anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Iwe unapita kusukulu, ndipo ukhoza kuyenda. Ine sindingathe. Thamanga kwa atcheyamani. Ukawauze kuti nyumba ino sindinagulitse, palibe anandifunsa. Akuti pali munthu anakaima pamaso pawo n'kunena kuti ndavomera. Ukawauze kuti munthu ameneyo ndi wabodza. Akumvera iwe."

Ketty anayang'ana a Nassoro. Iwo anamutsinzinira diso, n'kuloza ndi mutu kumsewu, kutanthauza kuti apite akazungulire chabe, ntchito ithe. Zinali zosavuta. Akanangoti chabwino amayi, n'kukabisala kumsika mpaka masana.

Kutsinzina kumeneko ndiko kunamuphulitsa. Bambo ameneyu ankamuona ngati mnzake, wa mtundu umodzi ndi iye, ndipo choipitsitsa chinali chakuti sanalakwitse. Mkwiyo umene Ketty anakhala akuuponyera aliyense unabwerera kwa mwini wake, mpaka khosi linamuuma.

"Amayi," anatero chapansipansi. Kenako anakweza kuti onse amve. "Amayi, munthu wamene uyo nine. Nine ajenti. Atate anga sanasokesepo suti pano. Ninabwela kuona vipinda kuti nigulise nyumba yanu."

Anyamata aganyu anaima ndi mpando m'manja.

Mayi Mwanaima sanatukwane, sanalirenso. Anamuyang'ana Ketty kwa kanthawi, nasiya dzanja lake pang'onopang'ono. Kenako anakoka nsalu yoyera ija n'kuphimba nkhope, monga anachitira kwa anyamata achilendo aja. Ketty akanakonda atamumenya mbama.

"Wapenga iwe!" a Nassoro anamuthamangira, koma amayi oyandikana nawo aja anawatsekereza. "Ukayende kukamba ivo, tonse tizagona mu selo! Na ndalama yako siuzaiona!"

"Tizagona," anayankha Ketty, misozi ikutsika koma maso ali gwa. "Ine na imwe, ba Nassoro."

A Obed anamugwira pamkono. Ndalama za moyo wawo wonse zinali m'thumba la munthu wina, ndipo ukali wawo sunabisike. "Tiye. Ukakambe vonse, liwu na liwu. Ukasiyako chimozi, nizakupeleka neka ku polisi." Anatembenukira anyamata aja. "Imwe, ikani pansi mpando uyo. Palibe chinthu chichoka pano mpaka tibwele."

Amayi awiri anatsala atagwira a Nassoro malaya kuti asathawe, ena onse anatsatira pambuyo, akumulalatira Ketty njira yonse. Mawu ena anali oti sangalembedwe.

Pokhota pa ngodya Ketty anacheuka. Mayi Mwanaima anali pomwe paja, atakumbatira mphuthu, nkhope yophimba. Sanamuyang'ane, ndipo Ketty anadziwa kuti ngakhale nyumbayo ibwerere, nkhope imeneyo sadzaionanso. Anapukuta mphuno ndi chitenje cha amayi ake, nafulumiza miyendo kuti akapeze atcheyamani asanatseke ofesi.