Wopala Moto wa Lachisanu Loyera

Anthu amati ine ndimathira mchere nkhani. Aziyankhula. Iyi yokha ndinaiona ndi maso angawa, chaka chimene azungu ankagwira amuna kuti akasenze katundu wa nkhondo.

Kwathu, kuseri kwa Bembeke, akhristufe tinali ndi mwambo wathu. Lachisanu Loyera dzuwa likalowa, nyumba iliyonse inkazimitsa moto, phulusa n'kukataya kudzala. Tinkagona mumdima mpaka m'mawa, pamene amuna ankabwera ndi moto watsopano wodalitsidwa ku mishoni. Akuluakulu ankati usiku umenewo moto wakale si wathunso, eni ake ndi akufa.

Ine ndinkagona kwa mng'ono wanga Filomena. Amuna ake, a Gerevazio, anawagwira utengatenga iye ali ndi pakati, kenaka uthenga unabwera kuti anafera m'njira. Mtembo sitinauone. Anatsala ndi khanda, Timoteyo, ndipo sabata imeneyo mwanayo ankatsokomola momvetsa chisoni.

Tsono kuzizira kwa kwathu mukukudziwa. Nkhungu inatsika, mphepo ikulowa m'ming'alu yonse. Filomena anathira madzi pamoto anthu akuona, koma makala ena anabisa m'phale, n'kuvundikira ndi mphika. Ndinamukalipira. Iye anangondifunsa ngati mwambo umafunditsa mwana. Ndinamuleka, poti nanenso ndinabereka.

Mudzi unangoti zii, ngakhale agalu. Titatseka chitseko anavundukula makala aja, n'kumuyandikiza mwana. Kupuma kwake kunayamba kukhalako bwino.

Kenaka tinamva mapazi. Olemera, okoka, a munthu amene wayenda ulendo wautali atasenza. Anadutsa nyumba zonse, n'kudzaima pakhomo pathu. Katundu anatulidwa pansi, kuti di!

“Odi. Ndadzapala moto.”

Mawuwo tinawadziwa tonse awiri. Anali a Gerevazio. Ndinamutsina Filomena kuti asayankhe, koma iye misozi inali kale mbwembwembwe. Anayankha kuti moto palibe, lero ndi Lachisanu Loyera.

“Ulipo, make mwana. Ndauonera kutali. Kumene ndili kukuzizira, ndipo ndili ndekha. Kapena undipatse mwanayo ndimufungate.”

Filomena anamukanikiza mwana pachifuwa. Anatenga phale lija n'kulikankhira panja, pansi pa chitseko cha bango. Ine ndinaona dzanja. Linkatola makala limodzilimodzi, mosafulumira, osapsa. Silinasiye ndi limodzi lomwe. Katundu anasenzedwanso, mapazi aja n'kulowera cha kumanda.

Tinamugoneka mwana pakati pathu, tinamufunditsa nsalu zathu zonse. Tinapemphera mpaka mawu anatha. Ndinaganiza zothamangira kwa anansi, koma kukapempha chiyani? Mudzi wonse unalibe ndi khala lomwe. Ndinakwiya usiku umenewo, sindibisa: ndinakwiyira mwambo, nkhondo, ndi malemuwo.

Tambala woyamba akulira, Timoteyo anasiya kutsokomola. Filomena anati wagona. Ine ndinamugwira kaphazi, ndipo kanali katazizira kale.

Dzuwa litatuluka amuna anafika ndi moto watsopano, koma sankaimba ngati zaka zonse. Amuna anga, amene anali nawo paulendowo, anandikokera kuseri kwa nkhokwe, za maliro asanamve n'komwe. Anati podutsa kumanda anaona utsi. Atalowa m'mitengo anapeza moto ukuyaka, pamalo pomwe panalibe manda alionse. Mbali ina udzu unali wogona, pamene panakhala munthu wamkulu. Ndipo pafupi ndi motowo wina anayala masamba ofewa bwinobwino, kamalo kongokwana khanda.

Amayi a m'mudzi ankanong'onezana kuti bambo anadzatenga zonse ziwiri. Ena ankati mwana anafa ndi mphepo basi. Tinayesa kumubisira Filomena, koma m'mudzi nkhani sibisika. Ataimva sanalire. Anapita kwa amuna anga, nagwada, n'kuwafunsa:

“Alamu, motowo unali wokwanira?”