Akazi ndi Ana Ayambe

Wezi anakumana ndi Cornelio pa siteji ya basi ku Mulhuddart, mumzinda wa Dublin ku Ireland, mvula ikuwaza, Weziyo akuweruka kuntchito yosamalira okalamba. Mnyamatayo anamufunditsa jekete, ndipo basi isanafike m'tauni anali atatenga kale nambala. Pakamwa anali napo, tisaname.

Anamuuza kuti Loweruka ndi Lamlungu amagwira ganyu ku Belfast, kunyumba yosungirako mbiri ya chombo chachikulu chimene chinawomba phiri la madzi oundana n'kumira. Nkhani ya chombocho sinkamuchoka pakamwa. Ankati mabwato opulumukira anachepa, ndiye panaikidwa lamulo lakuti akazi ndi ana ayambe.

"Tikanakhalamo, ndikanakukweza iweyo, switi wanga, ine n'kutsala," ankatero.

Koma likangokwana Lachisanu, foni ya Cornelio inkazima. Wezi mtima unkakhala m'mwamba, chakudya osalowa. Kodi wadwala? Kapena wachita ngozi pamsewu? Kumulondola sakanatha, poti Belfast ili kutsidya kwa malire, ndipo mapepala ake a munthu wopempha malo okhala m'dzikolo sankamulola kudutsa. Cornelio ankazidziwa bwino zimenezi.

Lolemba m'mawa uthenga unkalowa: "Babe, network ya uko ndi yovuta. Mapepala ako akangotuluka tikaonere limodzi, then chinkhoswe!"

Wezi ankakhulupirira, chifukwa ankamukonda zedi.

Lolemba lina, pa nthawi yopuma, mnzake wa kuntchito Womba, mayi wa ku Zambia, anamuonetsa zithunzi pafoni. Anali atapita ndi ana ake ku Belfast kukaona za chombo chija.

Wezi anagwira foniyo n'kuyamba kuona zithunzizo. Pachithunzi china panali Cornelio, wopanda yunifomu iliyonse, mwana ali paphewa, dzanja lili m'chiuno mwa mayi woyembekezera.

"Asisi, awa ndani?" anafunsa, akuloza mayiyo.

"Amalawi anzako, tinacheza nawo maningi," anatero Womba. "Akazi awo ndi nurse komweko. Bambowo asebenza kuno ku Dublin, amapita weekend."

Wezi anabweza foni, n'kukhala pansi. Ganyu uja ndi ameneyu? Munthu kuchita kusankha malo amene iye sangafike! Misozi inangoyamba yokha.

Nthawi yomweyo foni yake inalira. "Switi wanga, ndakusowa!"

Anapukuta m'maso n'kuyankha: "Sunaname, Cornelio. Akazi ndi ana ayambedi. Sunangondiuza kuti wotsala m'madzi ndine."