Inki ya ku Bangwe

Laurenti ankakhala m'kanyumba ka lendi ku Zingwangwa, ntchito yake kulemba zikwangwani za magolosale ndi masaluni. Koma mtima wake unali pa timabuku ta zithunzi timene ankajambula yekha. M'timabukumo munali Chiphaliwali, ngwazi youluka pamwamba pa Ndirande, yolimbana ndi chiwanda chodya mitima ya anthu. Ankazungulira nato pamsika mpaka nsapato kuperepeseka, koma anthu ankangotsegula, kuseka, n'kumubwezera.

Chinkamudya moyo kwambiri chinali Mubarak, mnzake wa ku Mbayani amene ankajambula naye kusukulu. Mubarak anali ndi shopu yosindikiza komanso galimoto. Akamuimbira hutala panjira, Laurenti ankafika pakhomo osamuyankhula mkazi wake Anjelina.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, anakwera minibasi ya ku Bangwe, kwa sing'anga wina amene anamumvera kwa mavenda. Mkuluyo anatsegula kabukuko, n'kuyang'anitsitsa chiwanda chija.

"Chimadya chiyani chinthu chanuchi?"

"Mitima ya anthu, bambo."

"Anthu ake ati?"

"Ongopeka basi."

Sing'anga anaseka osatsegula pakamwa. "N'chifukwa chake muli ndi njala nonse awiri. Chiwanda sichikhuta anthu opeka." Anamupatsa kabotolo ka inki yakuda. "Buku lililonse, wodyedwayo akhale ndi nkhope ya munthu amene munadya naye mbale imodzi. Ndipo ngwazi yanuyo izifika mochedwa."

"Nanga munthuyo chimuchitikire n'chiyani?"

"Mwabwerera chuma kapena mafunso?"

Laurenti anatenga kabotoloko. Njira yonse ankadziuza kuti chithunzi n'chithunzi basi.

Woyamba kumujambula anali Mubarak. Mabukuwo anatha tsiku lomwelo, ana asukulu akulimbirana ngati zitumbuwa. Tsiku lachitatu lake Mubarak anagwa m'shopu mwake atagwira pachifuwa, osadzukanso. Laurenti anapita kumaliro, koma sanathe kukhala pansi. Ankangoyendayenda kuseri kwa anthu.

Chiphaliwali anatchuka Blantyre yense, mpaka pa matisheti ndi m'mafoni. Laurenti anasamukira ku Kanjedza, m'nyumba ya mpanda. Ogula anayamba kufunsa buku lachiwiri. Iye anazengereza miyezi iwiri, kenako anajambula mlamu wake Chiyamiko. Sabata isanathe, anamuika m'manda.

Kuyambira pamenepo Laurenti ankadya yekha, ataimirira. Geti likagogodedwa ankadzidzimuka. Tsiku lina Anjelina, m'manja atanyamula mabuku awiri aja, anamupeza pakhonde.

"Bambo a Linda, nkhope iyi si ya achimwene anga? Nanga iyi si ya a Mubarak?"

"Anthu amafanana."

"Amafanana mpaka chipsera cha pachipumi? Ndiuzeni, m'buku lachitatu mukhala ndani?"

 Laurenti anatenga kabotolo kaja n'kukakaponya mumtsinje wa Mudi, zolembera zonse n'kuzithyola. Koma dzanja lake lamanja linakana kukhala chete. Chala chinkangokanda patebulo, pafumbi la galimoto, pakhoma. Paliponse pankatuluka nkhope imodzi, ya Anjelina. Analimanga ndi lamba, koma chala chinapitiriza kujambula pantchafu pake mpaka magazi.

Anathamangira ku Bangwe, n'kupeza sing'anga akusenda chinangwa.

"Bambo, tengani nyumba, tengani zonse. Inki ija ndataya."

"Mwataya botolo. Inki ili m'magazi mwanu."

"Mkazi wanga sanalakwe kanthu!"

"Enawo analakwa chiyani?" Mkuluyo analuma chinangwa chake. "Mwamaliza kale kujambula. Thamangani kwanu."

Ku Limbe magalimoto anali atathithikana. Laurenti anasiya galimoto pamsewu injini ikulira, n'kuyamba liwiro. Atafika ku Kanjedza anapeza geti lili pululu, amayi oyandikana nawo atadzaza pabwalo. Anjelina anali atagwa akuyanika zovala, dzanja lili pachifuwa. Mwana wawo Linda ankamugwedeza kuti adzuke.

Mutu wa Laurenti unasokonekera pomwepo. Achibale a Anjelina anamutenga Linda, nyumba ija n'kugulitsidwa. Lero amapezeka pamsika wa Zingwangwa wopanda nsapato, akujambula nkhope ndi khala pazipupa za anthu, kenako n'kuzifufuta ndi malaya ake akulira. Aliyense amene Laurenti wamuyang'anitsitsa amabisa nkhope n'kuthawa.

Dyera limayamba ndi kudya anzako, limathera m'nyumba mwako. Laurenti anali ndi luso m'manja ndi mkazi womukonda, chimene anasowa n'kudekha. Chuma cha mankhwala sichibwera chokha, chimabwera ndi maliro.