Nthambi Imene Inabwera Yokha ku Annandale

Cedric Ngozo anali munthu uja woti akamva Chichewa m'sitolo amatembenukira ku mashelefu n'kumayang'anitsitsa zinthu zomwe sakugula. Ankagwira ntchito pa kampani ina yofufuza za mankhwala ku Rockville, ndipo kabaji ka kuntchito sankakavula ngakhale kutchalitchi. Amalawi ankangomutcha Bwana Labu, iye n'kumayesa ulemu.

Chilonda chake chinali Sosten, mwana wa bambo ake aang'ono. Sosten ankawotcha nyama pa kangolo mumsewu wa 18th Street ku Adams Morgan, msewu wotchuka ndi mabala, magule ndi zakudya za m'mbali mwa njira. Cedric anali asanapondeko. Ankati ndi kudzala la zidakwa. Foni ya Sosten ikalira ankangoiyang'ana mpaka itope yokha.

Ndiye Loweruka lina Sosten anagwa pambali pa kangolo kake, mtima utaima. Ambulansi inafika atapita kale.

Madzulo oti mawa lake thupi likwera ndege, anthu anasonkhana mu holo ya tchalitchi ku Annandale. Bokosi linali kutsogolo. Amayi ankaimba, abambo ali pakhomo ndi makapu a tiyi. Cedric anakhala pafupi ndi chitseko, akusuzumira wotchi. Mai Theresa, amene amasamalira okalamba komanso amayendetsa maliro onse a Amalawi m'dera limeneli, anamubweretsera foni. Anali bambo ake aakulu a Cedric, akuimba kuchokera ku Ntcheu.

"Thupi mwalisamala, tathokoza," anatero mkuluyo. "Nanga mwini wakeyo mwakamutenga?"

Mkuluyo anapitiriza, onse mu holomo akumva.

"Munthu akafera panjira, mzimu wake umatsala pomwe wagwerapo. Ife Angoni timakamutenga. Apite wamagazi ndi nthambi yaiwisi. Akamuitane ndi chiwongo chake, amuuze kuti tiyeni kwanu. Azimuuza njira yonse, apa tikukwera galimoto, apa tikuwoloka mtsinje. Koma asayankhule ndi wamoyo aliyense mpaka nthambiyo ilowe m'bokosi. Akangotsegula pakamwa, m'bale wathu atsala pompo."

Wamagazi mu holo yonseyo anali mmodzi yekha.

"Bambo, zimenezo ndi za kumudzi," anatero Cedric. "Kuno ndi ku America."

"N'chifukwa chake, mwana iwe. Njira sakuidziwa."

Kenako pafonipo panamveka mawu ena, osasa ndi kulira. Anali amayi ake a Sosten. "Cedric mwanangu, usanditumizire bokosi lokha. Undibweretsere mwana wanga."

Mai Theresa sanadikire yankho. Anatuluka, nathyola nthambi pa mpanda wa mitengo wa poimika magalimoto, n'kumupatsira m'manja. Maso onse anali pa iye. Cedric anapita, osati chifukwa cha chikondi ayi, koma kuti asakhale ndiwo pa magulu a WhatsApp.

Msewuwo unali monga momwe ankauganizira, mwinanso kuposa. Nyimbo zinkatuluka pakhomo lililonse n'kumamenyana pakati pa msewu. Achinyamata a m'maiko akutali ankatuluka m'nyumba zogona alendo zotchipa, zikwama zazikulu kumsana ngati athawa kusefukira kwa madzi, ndipo chilichonse ankachijambula. Ena anakhala pansi m'mphepete mwa msewu akudya pitsa yaikulu ngati lichero, mafuta akuyenderera m'zigongono. Mtsikana wina ankasanza patsinde pa mtengo, anzake akumuwombera m'manja. Fungo la chamba, la anyezi wokazinga ndi la mkodzo linali limodzi. Cedric anafinya mphuno. Munthu kuwoloka nyanja yonse ija kudzawotchera nyama anthu ngati awa! Anayenda akusankha popondera kuti nsapato zake zisadetsedwe, nthambi ataibisa kumbuyo kwa mwendo.

Apa m'pamene anazindikira kuti malo enieniwo sakuwadziwa, ndipo kufunsa sakanatha. Anayenda uku ndi uku ngati nkhuku yachilendo, mpaka anaona makandulo pansi pa khoma lina, pakati pa bala ndi kasitolo kogulitsa fodya. Pamwamba pake anamatapo chithunzi. Sosten, atavala epuloni, akuseka mano onse panja. Pambali pake mayi wina wa ku El Salvador ankaphika zitumbuwa za kwawo zotchedwa pupusa. Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali, koma Cedric anatembenuza nkhope.

Anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato, n'kugunditsa nthambiyo pansi.

"Ngozo, tiyeni kwanu."

Anazinena mofulumira, ngati akulavula. Kunalibe mphepo. Koma malawi a makandulo onse anapendekera kwa iye, n'kukhala choncho.

Anaimirira. Nthambi ija inali yolemera. Osati kwambiri, koma ngati mpini wa khasu womwe wagona pamvula. Anaisinthira ku dzanja lina. Chimodzimodzi.

Anayamba kuyenda. Kumbuyo kwake kunamveka phazi likukhwekhwereza. Khwee. Khwee. Sosten ankakoka phazi lamanzere kuyambira ali mwana. Phokoso la msewuwo likanatha kumeza ngakhale mfuti, koma phazi limeneli linkamveka bwinobwino. Cedric anaima. Phazilo linaima. Anayendanso. Khwee.

 Kucheuka sanayerekeze. Utsi wa nyama yowotcha ndi tsabola wa kambuzi unamupeza kukhosi, tsabola amene msewu wonsewo ankathira ndi munthu mmodzi yekha.

"Apa tikuwoloka msewu," ananong'oneza. Ulendo uno sanalavule.

Ndipo china chinagwira nsonga ya jekete lake. Pang'ono chabe, ndi zala ziwiri. Umu ndi momwe Sosten ankagwirira malaya ake powoloka mtsinje wa Mpamadzi popita kusukulu, chifukwa ankaopa madzi. Chisoni chinamugwira Cedric koyamba chimwalirireni m'bale wakeyo, chisoni chenicheni. Anachepetsa liwiro kuti wa kumbuyoyo asavutike. Galimoto yake inali itayamba kuonekera patsidya pa mphambano.

"Cedric! Ndiwe?"

Anali Natalie, mkulu wa gawo lake kuntchito, ali ndi alendo ake amene ankawaonetsa tauni. Anali atatsekereza njira yonse, makapu m'manja.

"Iwe, kuno? Ndimayesa umati malo ano ndi auve," anatero m'Chingerezi, akuseka. "Nanga kamtengoko n'kachiyani?"

Cedric anamwetulira atatseka milomo, n'kugwedeza mutu. Anangotsala pang'ono kudutsa. Koma mayi wa zitumbuwa uja anali atamulondola, akupuma wefuwefu, epuloni yopindidwa bwino ili m'manja.

"Bambo, dikirani! Ndinu m'bale wake wa Sosten, eti? Nkhope ndi yomweyo. Ankakutchulani tsiku lililonse, mkulu wake wasayansi. Tengani, iyi ndi yake."

Epuloniyo inali yothimbirira ndi mafuta, yopsa m'mphepete. Natalie anaiyang'ana, n'kuyang'ananso suti ya Cedric.

"Wowotcha nyama anamwalira uja? Ndi m'bale wako?"

Tsono tamvani. Chomwe mwambo unkafuna kwa munthuyu ndi chinthu chomwe anachita kwa zaka zambiri mosavuta: kusayankha. Akanangokhala chete, n'kulandira nsaluyo, n'kumapita. Koma kukhala chete pamenepo kunali kuvomera, ndipo alendo a Natalie anali akumuyang'ana. Kuntchito Cedric anali atauza onse kuti amachokera ku banja la madokotala ndi maloya.

"Ayi," anatero m'Chingerezi chake chosalala chija. "Mwandisokoneza ndi wina. Sindikumudziwa."

Zala zija zinasiya jekete.

Nthambi inapepuka mpaka dzanja lake linadumpha lokha.  Kenako khwee, khwee, khwee, phazi likubwerera komwe linachokera, pang'onopang'ono, mpaka nyimbo zinalimeza. Mayi uja anakumbatira epuloni pachifuwa, namuyang'ana Cedric kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kubwerera ku chiwaya chake.

Kodi mukuganiza kuti anabwerera kukapepesa? Ayi ndithu. Analowa m'galimoto, naponya nthambi pampando, n'kuwoloka mtsinje wa Potomac osauza munthu. Pofika ku Annandale n'kuti masamba atafota ngati akhala padzuwa mlungu wonse. Anailowetsa m'bokosi mwachangu.

"Mwabwera naye?" anafunsa mai Theresa.

"Ndabwera naye."

Amayi anayambitsa nyimbo yoyamika, ena n'kumamugwira chanza kuti kani mwana uyu ali ndi umunthu. Iye analandira zonsezo, mphuno ili m'mwamba.

Thupi linapita, linaikidwa. Patangodutsa masiku ochepa foni inalira, ndipo ulendo uno Cedric anaiyankha.

"Anyamata adzukulu akuti bokosi linali lopepuka," anatero amayi ake a Sosten. Sankalira. "Ndipo ine ndikumamulota. Waima pamsewu wa magetsi ambiri, pali makandulo pansi, anthu akungomudutsa. Akuyang'ana uku ndi uku ngati wasochera pamsika. Cedric, mwana wanga unamusiya kuti?"

Amayiwo sanapitepo ngakhale ku Lilongwe. Za makandulo panalibe amene anawauza.

Zotsalazo tinazimva kwa Chilufya, namwino wa ku Lusaka amene amakhala ku Columbia Heights. Poweruka m'bandakucha amadzera mu 18th Street, nthawi imene mabala atseka ndipo mwatsala mapepala a pitsa ndi makoswe. Akuti anamuona Bwana Labu atagwada pa simenti yonyansa ija, suti ili m'madzi akuda, nthambi yaiwisi m'manja. Sikuti kamodzi.

"Nenze nifuna kumupatsa moni," anauza mai Theresa m'Chinyanja cha kwawo, "manje ninaona kamutengo. Ninangopita zii. Aja bamuna balila monga mwana, mayo."

Anthu amanong'onezana zosiyanasiyana. Ena amati ndi mutu chabe, apite kwa dokotala. Ena amati mzimu wokanidwa sutengedwa kawiri, ndipo bambo aakulu aja akafunsidwa amangoti iwo sanaonepo zotere, chifukwa kwawo kulibe amene anakanapo maliro ake. Mayi wa zitumbuwa amayatsabe makandulo, ndipo Cedric akafika amatembenukira ku chiwaya chake.

Koma mai Theresa anamva kuchokera pakamwa pa Cedric mwini, tsiku lomwe anabwera kunyumba kwawo atawonda, ndevu zili nyankhalala, kudzapempha kuti amuthyolere nthambi ina ndi dzanja lawo, mwina ingamveredwe. Anawauza kuti akagwada n'kuitana, Sosten amabwera ndithu. Phazi lija limamveka, utsi wa kambuzi umafika, ndipo amaima pafupi kwambiri kumbuyo kwake.

"Ndiye mumamuuza chiyani?" anafunsa mai Theresa.

"Ndimati Ngozo, ndine Cedric, mkulu wako. Amayi akudikira. Tiye kwathu."

"Iye amati bwanji?"



"Amayankha mwaulemu, mayi. Amati, 'Pepani bwana, sindingatsagane nanu. Ndikudikira m'bale wanga.'"