Kankhumba ka M'chipinda Chofunda

Nkhomaliro itatha, Dokotala adabwerera ku labu akuimba kanyimbo chapansipansi. Adatsegula chipinda chofunda. Khola limodzi linali pululu. Kankhumba kometedwa khutu kanali katasowa.

Nyimbo idathera pomwepo.

Mayi ameneyu ankafufuza za majeremusi oopsa olowa m'magazi. M'mawa wa tsikulo adabaya tinkhumba tina majeremusiwo, kuti aone zizindikiro zimene magazi amaonetsa thupi lisanayambe n'kutentha komwe. Tobayidwato ankatimeta khutu potenga magazi n'kutigoneka m'chipinda chofunda, pa udzu wofewa. Tabwinobwino tinkakhala panja, m'khola wamba.

Adaimbira apolisi mantha atamugwira. Kudabwera Sajeni wina wamimba yake, munthu wodana ndi changu chibadwire.

"Ndiye mayi, mwatiitanira kankhumba?"

"Bwana, kameneko ndi poizoni woyenda ndi miyendo. Wodya nyama yake, kapena woigwira ali ndi bala, akhoza kugona m'chipatala osadzukanso."

Sajeni adameza kuseka kwake n'kupita pageti.

"Watuluka ndani masana ano?"

"Dalaivala wobweretsa chakudya cha ziweto basi," adayankha mlonda. "Koma wailesi anaikweza zedi. Ndinadabwa, chifukwa mkulu uja nyimbo sazifuna n'komwe."

"Wailesi kubisa kulira kwa nkhumba," adatero Sajeni. "Mayi, kwerani galimoto."

Kunyumba kwa dalaivala adapeza zinthu zili bwino kwabasi. Madzi akuwira m'chidebe. Mwini wake akunola mpeni, mluzu uli pakamwa. Mkazi wake akudula anyezi, ndipo kamtsikana kawo kakuthamangitsana ndi kankhumba pabwalo, kakufa nazo nseko.

"Nyamulani mwanayo!" adakuwa Dokotala.

Mayi wa mwana adataya anyezi n'kumutsomphola.

"Kankhumba aka ndagula ine," adatero dalaivala.

"Kometameta kale khutu? Ogulitsawo ndi aukhondo," adatero Sajeni. "Ikani mpeniwo pansi, achimwene."

Mpeni udagwa.

"Chabwino bwana, ndatenga. Koma sindinatole chisawawa ayi. Tina amatisiya panja, tina m'chipinda chofunda ngati ana a bwana. Ine ndinati tabwino ndi tomwe akutisamalato. Taonani mmene kakudumphira! Kodwala kamatero?"

"Lero kadumpha, inde," adatero Dokotala akuvala magolovesi. "Koma m'magazi mwake nkhondo inayamba kale."

Adakagwira mwaluso n'kukatenga magazi pakhutu pometedwa paja. Kenako adatembenukira kwa mwana. Adamuyang'ana manja, miyendo, mpaka pakati pa zala. Panalibe bala ngakhale la chikhadabo. Adamusambitsa ndi sopo, mtima wake n'kukhala m'malo. Adasangalala mpaka kanyimbo kaja kadabwerera.

Sajeni asanamalize mafunso ake, kankhumba kadasiya kudumpha. Kadagona pafumbi n'kuyamba kunjenjemera, kakupumira m'mwamba.

Mkazi uja adayang'ana kankhumba, adayang'ana chidebe, kenako mwamuna wake.

"Bambo a mwana, ndiwo zake zinali zimenezi?"

Dalaivala adapereka yekha manja kwa Sajeni. Unyolo ukutsekedwa, pachala chake chachikulu padaoneka malo a mano, ofiira.

"Adokotala," adatero ndi mawu aang'ono, "kanandiluma pokaika m'thumba. Ine ndikumva bwinobwino. Komabe magazi angawa, simungandiyezereko?"

Tsiku limenelo anthu adaona zachilendo: Sajeni akuthamanga, mimba ili patsogolo. Kupolisi dalaivala adakafika ndithu, koma adayamba wadzera kuchipatala, unyolo uli m'manja, singano ili pamkono.